Kuchoka pozenga milandu kufika poweruza: njira imene loya wa boma amadzera kuti akhale jaji

A Andrew Nyirenda atamaliza maphunziro a zamalamulo ku Chancellor College mu 1980, adalowa ntchito ku unduna wa zachilungamo ngati loya wa boma. Adakwera pang'onopang'ono, ndipo pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 ndiwo adali mkulu wa onse ozenga milandu m'dziko muno, udindo umene masiku amenewo unkatchedwa Chief Public Prosecutor. Mu 1994, chaka chimene dziko lidalandira malamulo aakulu atsopano, adasankhidwa kukhala jaji wa bwalo lalikulu la High Court. Mu 2008 adapita ku Supreme Court, ndipo kuchokera mu 2015 mpaka kumapeto a 2021 adali jaji wamkulu wa dziko lino.

Mbiri yotere ikamawerengedwa pamwambo wotsanzikana ndi munthu wopuma pantchito imamveka ngati kukwezedwa kokhakokha, udindo uwu kenako uwo. Komatu zimene zidachitika mu 1994 n'zamtundu wina. Munthu amene ntchito yake idali kuyimirira m'khoti n'kumati "uyu ndi wolakwa, bwalo limulange" adakakhala pampando womvera ena akunena mawu omwewo, ali ndi udindo wowakayikira. Ndiye anthu akamafunsa kuti kodi amene wakhala zaka akumangitsa anthu angaweruze osakondera boma, funso lawo n'lomveka. Ine ndimati angathe, ndipo ena amaposa anzawo amene sadazengepo mlandu. Koma sizichitika zokha chifukwa choti munthu wasintha mkanjo. Pali luso limene amabwera nalo, pali chizolowezi chimene ayenera kusiya pakhomo, ndipo pali malo odziwika m'kayendedwe ka mlandu pamene zimaoneka poyera ngati adachisiyadi.

Wozenga milandu uti?

Amalawi ambiri akamva za pulosekyuta amaganiza za wapolisi uja amayimirira pamaso pa majisitireti, mulu wa madoketi uli patebulo, kuitana mlandu wa kuba mbuzi, kenako wa chamba, kenako wa kuvulaza. Apolisi amenewa ndiwo amazenga milandu yambiri ya m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo si maloya. Amagwira ntchito ndi mphamvu zobwereka kuchokera kwa mkulu woyimira boma pa milandu, DPP. Kaya akhale katswiri chotani, wapolisi wopanda satifiketi ya uloya sangakhale jaji wa bwalo lalikulu.

Amene tikukamba pano ndi maloya a boma, omwe kuofesi amawatcha ma State Advocate. Awa adaphunzira zamalamulo kuyunivesite ndipo adavomerezedwa ndi khoti kuti atha kuyimira anthu pa milandu. Chiyambire lamulo la 2018 loona za maphunziro ndi ntchito za maloya, ofuna chilolezo amadzeranso kusukulu ya Malawi Institute of Legal Education. Iwowa ndiwo amatenga milandu ikuluikulu: yakupha, youkira boma, ya ndalama zambiri. Ena amazenga milandu ali ku bungwe lothana ndi katangale la ACB. Pamwamba pa onse pali DPP, yemwe amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, n'kuvomerezedwa ndi komiti ya aphungu yoona za osankhidwa m'maudindo, kwa zaka 5. Gawo 99 la malamulo aakulu limamupatsa mphamvu zitatu: kuyambitsa mlandu, kulanda mlandu umene wina adayambitsa, ndi kuthetsa mlandu chigamulo chisanaperekedwe. Akathetsa, ayenera kupereka zifukwa ku komiti ya aphungu yoona zamalamulo pasanathe masiku 10.

Kuti timvetse zimene ntchitoyi imaphunzitsa munthu, tione doketi imodzi. Tiyerekeze kuti pamowa, m'mudzi wina ku Dedza, anthu adakangana usiku, m'mawa wina n'kupezeka atafa. Patapita miyezi, doketi ifika patebulo la loya wa boma ku Lilongwe. M'katimo muli masitetimenti a mboni, amene zidalankhula m'Chichewa koma wa CID adawalemba m'Chingerezi. Muli lipoti la kuchipatala lonena chimene chidapha munthuyo. Muli sitetimenti ya woganiziridwa yemwe akuvomera kuti adamenya. Mwina mulinso chojambula cha malowo, ndi kalata yonena kuti chibonga chidasungidwa kupolisi. Loya uja amawerenga ali ndi pensulo m'manja. Mboni yoyamba ikuti ndewu idachitika cha m'ma 8, yachiwiri ikuti nkhuku zitalira. Amene akuti adaona nkhope ya womenyayo adaiona ndi kuwala kwanji, mwezi kapena tochi? Lipoti likuti malemu adafa ndi bala la chinthu chakuthwa, nanga chibonga chikubwera bwanji? Kodi apa pali kupha mwadala, kapena ndi kupha kosakonzekera kumene chilango chake n'chocheperako?

Akatha apo amasankha chimodzi: kubweza doketi kupolisi kuti akafufuzenso, kutsitsa mlandu, kuutaya, kapena kupita nawo kukhoti. Ndi ntchito yoyeza umboni imeneyi, yofanana kwambiri ndi ya woweruza, ndipo amene waigwira zaka khumi amakhala ndi diso lakuthwa. Amadziwa mmene sitetimenti yolembedwa mothamanga imaonekera, amadziwa mboni yophunzitsidwa zonena, amadziwa pamene apolisi amakonda kudumpha. Komanso loya wa boma wophunzitsidwa bwino amauzidwa kuyambira tsiku loyamba kuti ntchito yake ndi kuika umboni wonse pamaso pa bwalo, ngakhale umene ungathandize wozengedwa, osati kupambana mlandu zivute zitani.

Vuto lili pa mmene kuyezako kumachitikira. Amayeza ali yekha, papepala, atamva mbali imodzi. Akangotsimikiza kuti mlandu ulipo, amasanduka wa mbali imeneyo. Zaka zikamapita, anzake apantchito amakhala apolisi, amene amabwera kudzalira kuofesi kwake amakhala abale a ophedwa, ndipo wozengedwa amangomuona m'bokosi muja m'khoti. Popeza madoketi ofooka amawataya yekha asanafike kubwalo, amazolowera kuganiza kuti amene wafika m'bokosi ndiye kuti ali ndi kanthu. Chizolowezi chimenechi si nkhanza ayi, chimadza ndi ntchito. Koma pampando wa jaji n'chowopsa.

Zaka 10, ndi anthu osankha

Lamulo lokhudza woyenera kukhala jaji n'lalifupi modabwitsa. Gawo 112 la malamulo aakulu limati munthu akhale woti adakhalapo jaji wa bwalo la mphamvu zonse, kapena akhale ndi chilolezo cha uloya kwa zaka zosachepera 10. Silinena kuti zakazo azithere kuti. N'chifukwa chake pabenchi ya High Court pamakumana anthu odzera njira zosiyana: amene adali mamajisitireti ndi maregistrala a khoti, amene adali ndi maofesi awoawo a uloya, aphunzitsi a kuyunivesite, alangizi a makampani, ndi maloya a boma.

Bungwe la Judicial Service Commission, lomwe wapampando wake ndi jaji wamkulu, ndilo limaunika ofuna ntchitoyi n'kupereka maina kwa mtsogoleri wa dziko, yemwe amasankha potengera maina amenewo. Aphungu salowererapo, kupatula posankha jaji wamkulu, amene amafunika kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndipo aponya voti. Mamajisitireti amasankhidwa ndi jaji wamkulu, bungwe lomwelo litavomereza. Kwa nthawi yaitali maloya akhala akudandaula kuti zonsezi zimachitika chitseko chili chotseka, ndipo kumapeto a 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano okonzanso bungweli. Ku South Africa ofuna ujaji amafunsidwa mafunso poyera, pa wailesi ya kanema, ndipo amene adali wozenga milandu amatha kufunsidwa za mlandu wakutiwakuti umene adauthetsa kapena kuukakamira. Kwa ine, ameneyo ndiye munthu amene mafunso apoyera amamuyenera kwambiri, chifukwa zambiri zimene adasankha pa ntchito yake adazisankha muofesi, popanda woona.

Wosankhidwa amalumbira pamaso pa mtsogoleri wa dziko kuti adzachita chilungamo kwa anthu onse mopanda mantha, kukondera kapena chidani. Kuyambira pamenepo alibenso bwana womuuza chogamula. Kusiyana kwake ndi kumene wachokera n'kwakukulu. DPP, ngakhale amatchedwa woyima payekha, malamulo amalola kuti alandire malangizo kuchokera kwa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndipo mpando wake umagwedezeka ndale zikavuta. Mu January 2023 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo Lazarus Chakwera adachotsa a Steven Kayuni paudindowu, kutsatira kafukufuku wa kumangidwa kwa mkulu wa ACB a Martha Chizuma. Jaji sachotsedwa chotero. Gawo 119 limafuna kuti pakhale kulephera ntchito kapena khalidwe loipa, ndiponso kuti Nyumba ya Malamulo ikambirane n'kuvomereza pempho loti achotsedwe. Mu 2001 aphungu adavomerezadi kuti majaji atatu achotsedwe, a Dunstain Mwaungulu, a Anaclet Chipeta ndi a George Chimasula Phiri, koma anthu atakwiya mkati ndi kunja kwa dziko, nkhaniyo sidafike pochotsa aliyense.

A Nyirenda nawo adazilawa. Pa 8 May 2020 Supreme Court, iwo akutsogolera, idagwirizana ndi chigamulo cha pa 3 February chofafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019. Mwezi wotsatira boma lidalengeza kuti jaji wamkuluyo apite kutchuthi kudikira kupuma pantchito. Bwalo lalikulu lidaletsa, maloya adayenda pamsewu atavala mikanjo yawo, ndipo iwo adakhalabe pampando mpaka nthawi yawo itakwana. Munthu amene adayamba ntchito ngati loya wa boma la chipani chimodzi adatsiriza ali thunthu limene boma lina lidalephera kuzula. Choncho kudzera ku maofesi a boma pakokha sikusandutsa jaji kukhala wa boma.

Kuphunzira kukhala chete

Chovuta choyamba kwa jaji watsopano wochokera kozenga milandu n'chooneka chaching'ono: kutseka pakamwa. Makhoti athu adatengera dongosolo la ku England, limene mbali ziwiri zimalimbana, woweruza n'kumangoonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, kumvetsera ndi kulemba. Ndipo kulembako n'kwenikweni, chifukwa m'makhoti ambiri woweruza amalemba umboni ndi dzanja, mboni ikulankhula m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, womasulira akutembenuzira m'Chingerezi.

Ndiye taganizani: loya wa boma wachinyamata akufunsa wapolisi amene adafufuza mlandu. Waonetsa mpeni, wapolisi wati ndi womwewo, loya uja wakhala pansi. Sadafunse kuti mpeniwo udapezeka kuti, adautola ndani, udasungidwa bwanji miyezi yonseyi, nanga chikuulumikiza ndi wozengedwa n'chiyani. Jaji amene adazenga milandu yotere kambirimbiri akuona bowolo bwinobwino, ndipo mafunso anayi otsekera akumuyabwa pakamwa. Lamulo limamulola kufunsa kuti amvetse, ngakhale kuitanitsa mboni ngati chilungamo chikufuna. Koma akayamba kusoka zimene boma lang'amba, wasiya mpando wake n'kubwerera kutebulo lakale, ndipo loya wa wozengedwa akachita apilo, chigamulo chingathe kugwa chifukwa cha zimenezo. Kale funso lake lidali lakuti "kodi ndingatsimikize kuti uyu adapalamula?" Tsopano ndi lakuti "kodi awa atsimikiza?" Ngati sadatsimikize mosasiya chikayiko chenicheni, munthu amamasulidwa, ngakhale mumtima jaji akuona kuti mwina adachitadi.

Mlandu wa Mwanza umatiphunzitsa za mtunda umene ulipo pakati pa mafunso awiriwa. Mu 1995 boma lidazenga Dr. Hastings Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena pa imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, amene adaphedwa mu May 1983. Kuti anthuwo adachita kuphedwa, osati ngozi ya galimoto, zidali zitadziwika. Koma kutsimikiza m'khoti kuti ozengedwawo ndiwo adapangana chiwembucho idali nkhani ina, ndipo mu December 1995 adamasulidwa. Boma lidachita apilo koma silidaphule kanthu.

Pali malo atatu pamene ine ndimayang'ana ndikafuna kudziwa ngati jaji wasiyadi malingaliro a pulosekyuta, ndipo oyamba ndi belo. Wozenga milandu adazolowera kuyimirira n'kunena kuti kafukufuku sadathe, woganiziridwa angathawe, angasokoneze mboni. Malamulo aakulu, m'gawo 42, amati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotulutsidwa pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti akhalebe m'chitokosi. Mu 2005, pa mlandu wa Mvahe, Supreme Court idanenetsa kuti ngakhale pa mlandu wakupha, ndi boma limene liyenera kuonetsa chifukwa chokanizira belo. Kusintha kwa malamulo a kazengedwe ka milandu mu 2010 kudaikanso malire a nthawi yokhala pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa ikuluikulu monga yakupha. Aliyense amene adakaonapo m'bale ku Maula kapena ku Chichiri akudziwa kuti malire amenewa amadumphidwa kawirikawiri. Jaji wabwino wochokera kozenga milandu ndiye woyenera kukhala wovuta kwambiri pamenepa, poti amadziwa kuti mawu oti "tikufufuzabe" nthawi zina amatanthauza kuti doketi idasowa kapena palibe amene waitsegula chaka chino. Amafunsa kuti mwafufuza chiyani chimangidwireni munthuyu, chatsala n'chiyani, mudzatha liti. Woipa amangogwedeza mutu, chifukwa mawuwo ankawanena yekha dzana.

Malo achiwiri ndi sitetimenti yovomera mlandu kupolisi, ndipo apa lamulo la Malawi lili ndi khalidwe lakelake. M'maiko ambiri otsata dongosolo la ku England, wozengedwa akati adavomera chifukwa chomenyedwa, khoti limayamba laimitsa mlandu n'kuzenga kamlandu kena kofuna kudziwa ngati sitetimentiyo ilandiridwe n'komwe. Kuno gawo 176 la malamulo a kazengedwe ka milandu ndi umboni limalola kuti ilandiridwe ngakhale mwiniwake akuikana. Chimene limaletsa ndi kuigwiritsa ntchito pogamula pokhapokha bwalo litakhutira, mosasiya chikayiko, kuti adainenadi iyeyo ndiponso kuti zimene zili m'menemo n'zoona. Ndiye katundu yense ali pamutu pa woweruza. Wozengedwa wayimirira m'bokosi, akuti: "Bwana, adandimenya usiku wonse, pepalalo adangondigwiritsa chala, sindidziwa kuwerenga." Wapolisi akuti adalankhula mwa kufuna kwake, mnzake wina ali pomwepo ngati mboni. Jaji ayenera kufunafuna zinthu za kunja kwa pepalalo zimene zikugwirizana nalo: kodi malo amene akuti adabisa katundu adapezekadi katunduyo, kodi mabala a malemu akufanana ndi mmene akuti adamenyera. Amene kwa zaka zambiri sitetimenti yotere idali chida chake chodalirika amayesedwa kwambiri pano. Akhoza kuikhulupirira msanga chifukwa apolisi adali anzake, kapena akhoza kuikayikira bwino kuposa wina aliyense chifukwa akudziwa mmene zina zimalembedwera.

Malo achitatu ndi pamene boma latseka umboni wake. Bwalo limayenera kugamula ngati wozengedwa ali ndi mlandu woti ayankhe. Mawu amenewa timawamva pa wailesi, ndipo ambiri amaganiza kuti munthu wapezeka wolakwa, pamene akungotanthauza kuti umboni wa boma wafika poti pakufunika kumva mbali inayo. Ngati mfundo ina yofunika pa mlanduwo ilibe umboni, kapena mboni zaphwanyidwa pofunsidwa mpaka palibe bwalo lanzeru lingazidalire, munthu amasulidwe pomwepo osatsegula n'pakamwa pomwe. Chiyeso chimene chilipo n'choti jaji anene mumtima kuti "tiyeni timumve kaye, mwina adzikola yekha". Kumeneko n'kuthandiza boma kutseka mabowo ndi pakamwa pa wozengedwa, pamene malamulo aakulu amamupatsa ufulu wokhala chete ndi woganiziridwa kuti ndi wosalakwa.

Pa chilango nkhani imafewerako, koma ilipo. Loya wa boma adazolowera kutchula zokulitsa mlandu. Jaji ayenera kumvanso zochepetsa: msinkhu, kupalamula koyamba, kuvomera msanga, nthawi imene munthu wakhala kale pa rimandi. Chiyambire mlandu wa Kafantayeni mu 2007, pamene bwalo lidagamula kuti chilango cha imfa chisamangoperekedwa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha, jaji ayenera kuyeza munthu aliyense payekha. Majaji a High Court amaunikanso zilango zimene mamajisitireti apereka, ndipo amatha kuchepetsa, kuwonjezera kapena kufafaniza. Apa luso la wozenga milandu wakale limathandiza kwambiri, chifukwa amaona msanga pamene wapolisi adalemba mlandu molakwika kapena pamene munthu wopanda loya adalembedwa kuti wavomera asadamvetse chimene akuvomera.

Milandu imene sadaionepo, ndi imene adaiona kale

Bwalo lalikulu silizenga milandu yaupandu yokha. Gawo 108 limalipatsa mphamvu pa nkhani iliyonse, ndipo lero lili ndi nthambi zoona za milandu wamba ya pakati pa anthu, zamalonda, zaupandu, zamabanja ndi chuma chamasiye, zamisonkho, komanso kuyambira 2022 za milandu ya ndalama. Katswiri wa milandu yakupha akhoza kupezeka akumva mkangano wa ufumu, wa malo, kapena wa ngongole ya kubanki, pamene muyeso wa umboni ndi wina: amangoona mbali imene ikumveka yoona kuposa inzake. Ayenera kuwerenga ngati wophunzira. Koposa apo, amalandira madandaulo osumira boma lenilenilo, bwana wake wakale, ndi mapempho a ziletso zoimitsa nduna kapena apolisi. Mu 2017, pa mlandu wa Gwanda, majaji a High Court adafafaniza ndime ya lamulo la vakabu imene apolisi ankamangira anthu ongoyenda usiku. Lamulo lotere ndi limene ozenga milandu adaligwiritsa ntchito zaka zambirimbiri popanda kulifunsa.

Kenako pali milandu imene imamutsatira. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo m'makhoti athu, mmene nkhani zimachedwera, doketi imene munthu adasayinira ali loya wa boma ikhoza kumupeza ali jaji patatha zaka. Pamenepo palibe kukambirana: sangaweruze mlandu umene adauyambitsa, adaulangiza kapena adauvomereza. Ayenera kudzichotsa, fayilo ipite kwa jaji wina. Muyeso wake si woti iye mwini akudziona kuti sakondera, koma woti munthu wanzeru wodziwa nkhani yonse angakayike kapena ayi. Kwa amene adali loya wamba wa boma izi n'zosavuta, milandu yake imawerengeka. Kwa amene adali mkulu wa ofesi yonse n'zovutirapo, poti pafupifupi mlandu waukulu uliwonse wa nthawi yake udadutsa m'dzina lake. Dziko lathu ndi laling'ono, maloya ambiri adaphunzira sukulu imodzi ku Zomba, ndipo amene akuyimirira kutebulo la boma akhoza kukhala mwana wa dzulo amene jajiyo adamuphunzitsa ntchito. Kudziwana kokha sikukwanira kuti jaji adzichotse, apo ayi palibe mlandu ungayende. Koma loya wa wozengedwa ali ndi ufulu wopempha, ndipo jaji akakana ayenera kupereka zifukwa.

Kwina amachita bwanji

Ku United States njira imeneyi ndi yopondedwa kwambiri. A Sonia Sotomayor adayamba mu 1979 ngati wozenga milandu ku Manhattan pansi pa mkulu wa ozenga milandu kumeneko, a Robert Morgenthau, adakagwira ku kampani ya maloya kuyambira 1984, ndipo mu 1992 adakhala jaji wa bwalo loyamba la boma lalikulu ku New York atasankhidwa ndi mtsogoleri wa dzikolo wa nthawiyo George H. W. Bush. Adafika ku Supreme Court mu 2009, ndipo kumeneko amadziwika ngati mmodzi mwa olankhula mwamphamvu pa ufulu wa omangidwa ndi malire a mphamvu za apolisi. Komabe Amereka akhala akudandaula kuti benchi yawo idadzaza ndi ozenga milandu akale pamene oyimira osauka ndi ochepa. A Ketanji Brown Jackson, amene adalowa mu 2022, ndiwo oyamba pabwalolo kukhala atagwirapo ntchito yoyimira ozengedwa osauka m'makhoti a boma lalikulu. Ku France nkhani ndi ina: oweruza ndi ozenga milandu amaphunzira sukulu imodzi ku Bordeaux, ali m'gulu limodzi la ntchito, ndipo munthu atha kuchoka uku kupita uko n'kubwereranso.

Kwathu kuno funso lofanana ndi la ku Amereka lija silifunsidwa mokwanira. Bungwe la Legal Aid Bureau, loyimira anthu osauka, lidayamba kugwira ntchito palokha mu 2015, ndiye kuti maloya amene adayambira ntchito kumeneko adayamba mu 2025 kukwanitsa zaka 10 zimene gawo 112 limafuna. Iwowa adaona mlandu kuchokera mbali inayo: adakhala pansi ndi womangidwa m'kachipinda ka kundende, adayenda kumudzi kufunafuna mboni yoti inene kuti usiku umenewo munthuyo adali kumaliro, adathamangitsa fayilo ya munthu amene wakhala pa rimandi zaka zisanu. Pamene Judicial Service Commission ikutumiza maina kwa mtsogoleri wa dziko, n'koyenera kuti bungwe la maloya la Malawi Law Society ndi atolankhani azifunsa kuti mwa mainawo ndi angati adazenga milandu, ndi angati adayimirapo ozengedwa.